Sienta ikugogoda kutsogolo, kumbuyo yakhala pansi: ndisinthe mashoko okha kapena ndi masipuling'i omwe?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru ndisanawononge ndalama. Ndili ndi Sienta ya 2009, mita ikuwerenga makilomita 148,000. Ndikadutsa pa hampu kapena kugwera m'dzenje, kutsogolo mbali ya dalaivala kukumveka gu! gu! Ndikaponda mabuleki mutu ukumira pansi kwambiri, ndipo pamsewu wa Kasungu ndikafika pa 80 galimoto ikumayandama moti chiwongolero ndikuchita kuchigwira ndi manja awiri. Kumbuyo nako yakhala pansi. Ndikanyamula ana ndi matumba a chimanga pochokera kumudzi ku Ntchisi, tayala likumakhula m'mwamba. Mnyamata amene amandikonzera wati tisinthe shoko imodzi yomwe ikudontha oyiloyo, enawo athiramo oyilo wina akhala bwino. Kodi zimatheka zimenezi?

Achimwene a Mponela: Mayi musade nkhawa, Sienta iliyonse yoyenda misewu yathu ino imafika pamenepo. Yanga imanyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Mponela tsiku ndi tsiku, ndikudziwa. Pitani ku Malangalanga mukapeze mashoko a kaunjika ochoka pa galimoto za ku Japan, kumbuyoko aikeko masipesa (zotsamira zoika pa sipuling'i) ikwere. Mutha ndalama zochepa, mawa lomwe muli pamsewu.

Nabanda: Zothira oyilozo ndiye musalole asisi. Pa Fielder yathu anaboola shoko, kuthiramo oyilo, n'kutseka powotcherera. Poyamba inkaoneka ngati yachira, koma mvula isanathe oyilo yense anali atatulukira pomwe ankadonthera kale paja.

aPhiri a ku Biwi: Mwaswera bwanji mayi. Zomwe mwafotokozazi si vuto limodzi ayi, ndipo tikazisakaniza mugula chinthu chomwe sichinafe n'kusiya chomwe chafa. Chonyamula kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i. Shoko sinyamula katundu, ntchito yake ndi kugwira sipuling'iyo kuti isapitirize kudumpha ikapanikizika. Zili ngati mayi wosenza ndowa ya madzi: khosi ndi limene lanyamula, dzanja likungogwiriziza kuti madzi asatayike. Ndiye galimoto ikakhala pansi, yang'anani masipuling'i. Ngakhale mutaika mashoko anayi atsopano, kumbuyoko sikukwera. Koma kuyandama, kumira mutu pa mabuleki, kudumpha kangapo mutadutsa kale hampu, amenewo ndi mashoko.

Kugogodako kokha sindingakuweruze pafoni. Pa Sienta kawirikawiri amene amalira gu! gu! ndi malinki a stabilizer, tizitsulo tating'ono totsika mtengo. Akhozanso kukhala mabushi a labala, ball joint (mfundo yolumikiza mwendo wa tayala), kapena mounting (chomangira ku bodi) ya pamwamba pa strut, kutanthauza shoko yakutsogolo yomangidwa pamodzi ndi sipuling'i. Anthu ambiri agula mashoko chifukwa cha phokoso, potuluka m'galaja phokoso lili pomwepo.

Mayi a Tadala: Zikomo aPhiri. Nanga zothira oyilozi, chimalakwika n'chiyani kwenikweni? Mnyamatayu amalankhula motsimikiza ndithu.

aPhiri a ku Biwi: M'kati mwa shoko muli pisitoni yokhala ndi timabowo ndi timavalavu. Tayala likakwera kapena kutsika, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo, ndipo kuvutika kwake podutsa ndi kumene kumaletsa galimoto kudumpha. Oyilo akatuluka ndiye kuti silo ya pamwamba, labala wotsekera oyiloyo, yatha, nthawi zambiri chifukwa fumbi lakanda ndodo yonyezimira ija. Mukathira oyilo wina, silo ikadali yakuthayo, ndodo ikadali yokandikayo, mavalavu akadali otopawo. Komanso mashoko ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa nayitirojeni amene amaletsa oyilo kuchita thovu akatentha. Mukangoboola, gasi wapita, sabwereranso. Choopsa china n'chakuti oyilo amene amathirawo ndi wa injini kapena wa giyabokosi, wolemera mosiyana ndi wa kufakitale, ndiye mbali imodzi imauma, ina imafewa.

Shoko imodzi yokha musasinthe. Amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Yatsopano kumanja, yotopa kumanzere, mukaponda mabuleki mwadzidzidzi kapena kukhota pa liwiro, matayala awiriwo sagwira msewu mofanana.

Achimwene a Mponela: aPhiri mukunena zoona, sindikutsutsa. Koma tiziyang'ananso thumba la munthu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sipeya iliyonse inakwera, ndipo siinatsikenso. Ife a matakisi tikati tizigula zatsopano zokhazokha ndiye kuti galimoto ikhala pajeke, ana agona ndi njala. A kaunjika ena amakhala abwino kuposa atsopano abodza amene adzaza m'mashopumu.

aPhiri a ku Biwi: Pamenepo achimwene mwagunda mfundo, atsopano abodza alipo ndipo amafa msanga kuposa a kaunjika abwino. Vuto la kaunjika n'lakuti simudziwa kuti shokoyo yayenda mtunda wotani. Opanga mashoko ambiri amalangiza kuganizira zosintha akafika pa makilomita 80,000, ndipo akunenawo ndi a misewu yosalala. Galimoto zomwe amaphwasula ku Japan zambiri zimakhala zitayenda kale mtunda wofika kumeneko. Ngati thumba lakana ndithu, musagule yopakidwa penti watsopano, penti amabisa pomwe pankadontha. Kokani ndodo yonse ituluke, muiyendetse chala, isakhale ndi dzimbiri kapena mizere. Muiimike chilili, muikankhe mpaka pansi kenaka muikoke. Iyenera kulimba njira yonse, makamaka pokoka. Mukamva malo ena akungodutsa opanda kanthu, kapena kulira kwa thovu m'kati, isiyeni. Ndipo awiriwo afanane mphamvu.

Kondwani NZE: Ine ndimamva kuti ukakankha galimoto pakona n'kuisiya, ikadumpha kupitirira kamodzi ndiye kuti shoko yafa. Mayi akhoza kuyesa okha pakhomo eti?

aPhiri a ku Biwi: Ayese, koma njira imeneyo imangogwira shoko yomwe yaferatu. Yotopa theka imapambana mayeso amenewo bwinobwino, chifukwa mphamvu ya manja a munthu siingafanane ndi ya dzenje pa liwiro la 80. Chomwe sichinama ndi tayala. Mayi, galimoto ili chiimire, yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala lakutsogolo kuzungulira. Mukamva kuti pena pakwera pena patsika, ngati wina amasemako ndi mpeni malo ndi malo, ndiye kuti tayalalo limadumphadumpha pamsewu m'malo mokanirira pansi. Kenaka khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, muunike ndi tochi ya foni. Kachinyezi pang'ono pamwamba pa shoko si vuto. Koma ikanyowa mpaka kunsi, fumbi lofiira litamatirira n'kusanduka phala lakuda, imeneyo yatha.

Mayi a Tadala: Ndatuluka panja kukaona. Tayala la kumanja lili ndi mabampu monga mwaneneramo, mpaka dzanja likuchita kugunda. Shoko yake yakuda bii mpaka pansi. Ya kumanzere ndi youma, koma labala wotchinga fumbi uja wang'ambika, akungolendewera. Matayala amenewa ndinagula chaka chino chomwe, mtima ukundipweteka.

Nabanda: Pepani asisi. Ndi pamene ndalama zimathera pamenepo, munthu ukuti ukupulumutsa pa shoko, matayala akutha mwakachetechete.

Bambo a Yamikani: Moni nonse kuchokera kuno ku Leeds. Ndingowonjezera za sipuling'i. Kuno galimoto ikakwana zaka 3 imayenera kupita ku MOT, mayeso oona ngati ili bwino kuyenda pamsewu, chaka chilichonse, ndipo sipuling'i yothyoka kapena shoko yodontha kwambiri ndi zifukwa zolepherera mayeso. Masipuling'i amathyoka kwambiri kuno chifukwa cha mchere umene amawaza m'misewu nthawi yozizira. Mwala ukagamula penti, dzimbiri limalowa, tsiku lina chitsulo chimangoti thyo. Ndikutchula izi chifukwa kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chambiri ndipo nakonso amathira mankhwala osungunula chipalecho. Galimoto yochokera kumeneko imafika kwathu kunja kukuwala, kunsi kutadyeka. Sipuling'i imakonda kuthyokera kumapeto kwenikweni, pomwe yakhala m'mbale yake, ndiye munthu wongoyang'ana mwachangu saona. Mayi auze amakaniko apukute matope m'mbalemo ayang'anitsitse.

Achimwene a Mponela: Nanga masipesa alakwanji? Galimoto zimenezi anazipangira misewu ya ku Tokyo, osati ya ku Ntchisi. Popanda kukweza mumasiya ekizozi pamsewu.

aPhiri a ku Biwi: Sipesa yaing'ono, yoikidwa pa sipuling'i yamoyo, ine ndilibe nayo mkangano waukulu, ndaikirapo anthu ambiri oyenda misewu yafumbi. Chimene ndimakana ndi kuika sipesa pa sipuling'i yotopa. Galimoto imaoneka yakwera, koma chitsulocho mphamvu zake zinatha kale, mukakweza anthu chimapanikizika mpaka mizere yake kugundana. Chinanso, mukakweza kwambiri kutsogolo, ma CV joint, mfundo za pa shafuti yozunguza tayala, amayenda atapendekeka, malabala ake amang'ambika msanga, girizi amatuluka. Shoko nayo imakhala itakokeka pafupi ndi mapeto ake, ndiye tayala likagwera m'dzenje imagunda m'kati mwake. Ambiri amene amadandaula kuti mashoko atsopano afa msanga, mukafufuza mupeza anakweza galimoto mopitirira.

Ndipo tinene mosabisa achimwene. Sienta inapangidwira anthu 7. Tikaika 10 ndi matumba pamwamba, palibe sipuling'i yomwe ingapirire, kaya yochokera kuti.

Achimwene a Mponela: Ndamva mdala. Za katunduzo n'zoona, timadziwa tonse, kungoti mafuta ndi amene amatikakamiza.

Malume a ku Joni: Mlongo wanga, ngati mwaganiza zogula atsopano, kuno ku Johannesburg mashoko a Gabriel ndi Monroe amapezeka paliponse. KYB ya ku Japan iliponso. Koma chenjerani, Sienta sinagulitsidwe m'mashopu a Toyota kuno, ndiye m'mabuku a masipeya ambiri mulibe. Wina akhoza kukutumizirani a Yaris poganiza kuti ndi amodzi, afike pa basi, osalowa. Kubweza katundu wodutsa kale pa Dedza kapena pa Mwanza ndi nkhani ina. Ngati mungawapeze ku Lilongwe komweko kwa wogulitsa wopereka lisiti, kuli bwino kutero.

aPhiri a ku Biwi: Malume anena zofunika. Pogula musanene kuti "ndikufuna a Sienta" basi. Tengani nambala ya chasisi. Yanu ya 2009 iyenera kuyamba ndi NCP81 ngati imakoka ndi matayala akutsogolo okha, kapena NCP85 ngati ndi 4WD, ndipo kumbuyo kwa ziwirizi n'kosiyana. Sienta zomwe zinayamba kutuluka mu 2015 ndi mtundu winanso. Kutsogolo kuli strut, kutanthauza kuti shoko, sipuling'i ndi mounting zamangidwa pamodzi, ndipo ya kumanja ndi ya kumanzere sizisinthana chifukwa timakutu tomangirapo paipi ya mabuleki ndi linki tili mbali zosiyana. Onani nambala yodindidwa pa chitsulo cha shoko igwirizane ndi ya pa katoni. Katoni yokongola aliyense akhoza kusindikiza.

Mayi a Tadala: Ndalemba zonse. Funso lina, akamatsegula kutsogoloko ndisinthiretu chiyani china kuti ndisalipire ntchito kawiri?

aPhiri a ku Biwi: Malabala otchinga fumbi onse awiri, amenewo musakambirane n'komwe, ndi amene amateteza ndodo ya shoko yatsopanoyo. Bump stop, kalabala kolimba kovekedwa pa ndodo kamene kamalandira nkhonya galimoto ikagunda mpaka pansi, pa msinkhu umenewu kamakhala katafumbutuka. Mounting ayione ikatsika: labala wake akang'ambika, kapena beringi yake ikamalira poizunguza ndi dzanja, isinthidwe. Chizindikiro chake china ndi phokoso la kho! kho! pokhotetsa chiwongolero galimoto ili chiimire. Malinki awagwedeze ndi dzanja, akamasewera achoke. Zonsezi zimatsika limodzi ndi strut, ndiye ntchito ndi imodzi yomweyo.

Kondwani NZE: aPhiri, ine ndimafuna ndisinthe ndekha pa Axio yanga Loweruka lino. Jeke ndi masipanala ndili nazo. Ndinaona ena amamanga sipuling'i ndi waya kapena lamba wa katundu kenaka n'kumasula nati ya pamwamba. Zingatheke?

aPhiri a ku Biwi: Kondwani mwana wanga, ndikukupempha, usayerekeze. Sipuling'i ya kutsogolo ikakhala pa strut imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yokwana kunyamula ngodya yonse ya galimoto, injini ili pomwepo. Chomwe chaigwira ndi nati imodzi ya pakati ija. Ukaimasula popanda chopanira, mounting imauluka, ndipo nkhope yako imakhala ili pamwamba pake penipeni chifukwa ndi pomwe ukugwirira ntchito. Ndinaonapo mnyamata wophunzira ntchito atathyoka nsagwada, mano ali pansi, chifukwa cha waya amene anaduka. Mpaka lero amavutika kutafuna.

Ngati ukufunadi kuphunzira, chita chonchi. Manati atatu a m'mbali pansi pa boneti ndi mabawuti awiri akuluakulu a kunsi ndi amene amatsitsa strut yonse yathunthu, nati ya pakati osaikhudza. Usanatsitse, masula paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS (yoletsa matayala kukhwekhwereza pa mabuleki) pa timakutu take, ndipo habu, pomangirira tayala paja, uichirikize kuti isagwere kunja n'kusolola shafuti. Galimoto ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa. Ukatsitsa, nyamula strut yonseyo upite nayo kwa amene ali ndi chopanira chenicheni, spring compressor, akusinthire shoko, iwe ukabwezeretse. Ndalama yake ndi yochepa.

Kondwani NZE: Ndamva bambo, ndipita nazo ku galaja. Kumbuyo nako n'chimodzimodzi?

aPhiri a ku Biwi: Zimatengera galimoto. Zina kumbuyo shoko ili payokha, sipuling'i payokha, ndipo kumeneko ntchito ndi yopepuka, bola jeke ichirikize ekiselo pomasula shoko, kenaka uzitsitsa pang'onopang'ono. Zina sipuling'i yavala shoko ngati kutsogolo. Suzumira kaye. Ukaona sipuling'i yazungulira shoko, lamulo ndi lomwe lija, nati ya pamwamba siimasulidwa popanda chopanira.

Nabanda: aPhiri nenaninso za mamangidwe. Ena amagula sipeya yabwino koma womanga n'kuiwononga tsiku lomwelo.

aPhiri a ku Biwi: Zoona amayi. Mayi a Tadala, muimirire pomwepo akamamanga, ndi galimoto yanu, musachite manyazi. Shoko yatsopano aiimike chilili n'kuipopa kangapo isanamangidwe, chifukwa imakhala itagona m'katoni nthawi yaitali ndipo oyilo ndi gasi zimasakanikirana. Ndodo yonyezimira ija asaigwire ndi pulayala kapena vice grip pomanga nati. Mano a pulayala akasiya chipsera, chipseracho chimadula silo nthawi iliyonse ndodo ikalowa, pakapita miyezi yochepa shoko yayamba kudontha, inu n'kumati anakugulitsani yabodza. Pali malo ake ogwirira kumutu kwa ndodo. Nsonga ya sipuling'i ikhale pa kakhwawa kake m'mbale, ikaphonya galimoto imapendekeka ndi kulira. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala, monga a kunsi kwa mashoko akumbuyo, amalizidwe kumanga galimoto itatsika, kulemera kuli pa matayala. Akamangiratu ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika msanga. Manati a matayala pa ma Toyota ang'onoang'ono amenewa ndi 103 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu, si zochita kudumphira pa sipanala.

Mukatuluka pamenepo, molunjika ku alayimenti. Strut ndi imene imagwira tayala kuti liime mowongoka, ndiye ikamasulidwa miyezo imasuntha.

Bambo a Yamikani: Ndipo mashoko akalewo ana asaseweretse kapena kuwaponya pamoto wa zinyalala. A gasi amaphulika akatenthedwa.

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinapita nayo ku galaja ina, anaikweza ine ndili pomwepo. Shoko ya kumanja atayitsitsa, ndodo imangolowa yokha popanda kukankha. Ya kumanzere, yomwe ndimati ndi yabwino ija, nayo inali yofewa, theka la njira imangodutsa. Kugogoda kuja anali malinki, aPhiri munanena, komanso mounting ya kumanja labala wake anali atalekana ndi chitsulo. Kumbuyo ndiye kwandiopsa. Atakolopa matope m'mbale ya kumanja anatulutsa kachidutswa ka sipuling'i kotalika ngati chala, kothyoka, nsonga yake yofiira ndi dzimbiri. Nsonga yotsalayo inali itayamba kukanda chitsulo pafupi ndi tayala. Ndayenda ndi ana pa galimoto imeneyi. Bambo a Yamikani, Mulungu akudalitseni, mukanapanda kunena sakanayang'ana m'menemo.

Vuto tsopano ndi ndalama. Zonse pakamodzi sindikwanitsa mpaka malipiro a mwezi uno atuluke. Ndiyambe ndi kuti? Wina pagalajapo amati sipuling'iyo akhoza kuiwotcherera.

aPhiri a ku Biwi: Tithokoze kuti mwaona isanaboole tayala. Kuwotcherera ayi, ngakhale atakuuzani kuti ndi katswiri wotani. Chitsulo cha sipuling'i chimaumitsidwa ndi moto mwa muyezo wake kufakitale. Mukachiotchanso, pamalo pamenepo chimataya khalidwe lake, chimathyokanso pambali pa chowotchereracho, ndipo chimathyoka galimoto italemedwa, ili pa liwiro. N'chimodzimodzi amene amatenthetsa sipuling'i n'kuikoka kuti italike, kapena kudula ya galimoto ina kuti ilowe.

Mukandifunsa ine, masipuling'i awiri akumbuyo ndi oyamba, lero lomwe, chifukwa chothyoka chikhoza kuchoka m'malo nthawi iliyonse. Apa ndi pomwe ndingagwirizane ndi achimwene a Mponela: sipuling'i ya kaunjika ndi yosavuta kuiweruza kusiyana ndi shoko, chifukwa zonse zili poyera. Muziimike ziwirizo pansi posalala, zifanane msinkhu, zikhale za NCP81, zopanda dzimbiri lodya chitsulo. Kenaka ma strut akutsogolo ndi mounting ndi malinki, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli chiwongolero ndi mphamvu yambiri ya mabuleki. Mashoko akumbuyo, ngati sakudontha, akhoza kudikira malipiro. Koma kufikira kutsogolo kutakonzedwa, galimotoyo isapite ku Ntchisi, ndipo m'tauni muno muziyenda pang'onopang'ono, makamaka kukagwa mvula. Tayala lomwe likudumpha silingaime msanga ngakhale mabuleki akhale atsopano, ndipo ABS imayamba kugwira ndi kusiya nthawi yosayenera.

Achimwene a Mponela: Mayi, masipuling'i a NCP81 ndikudziwa pomwe ndinawaona sabata yatha, awiri ochoka pa galimoto imodzi. Ndikulemberani kumbali. Mupite ndi yakale yosathyokayo mukafananize makulidwe a chitsulo ndi kuchuluka kwa mizere. Nane nkhani ya kachidutswayi yandilowa, madzulo ano ndikatsitsa anthu ndikayang'ana m'mbale za yanga.

Malume a ku Joni: Akamaliza kumanga muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse ziwiri, galimoto ili posalala yopanda katundu. Mulembe manambalawo musunge. Chaka chamawa mukayezanso mudzadziwa nokha ngati masipuling'i ayamba kutsika, osadikira kuti tayala likhule.

Mayi a Tadala: Zikomo malume, zikomo achimwene, ndaona uthenga wanu. Masipuling'i ndikagula masana ano. Za kutsogolo ndalankhula ndi a kubanki mkhonde kwathu, andibwereka, ndiye Lachisanu zimangidwa zonse ndi alayimenti yomwe. Nanga tayala la mabampu lija nditaye? Mapanga ake akadali akuya.

aPhiri a ku Biwi: Ngati mabampuwo ndi osaya, ndipo m'mbali mulibe chotupa kapena mng'alu, lipititseni kumbuyo, libalansidwe, lizitha pang'onopang'ono kumeneko. Lizilira ndithu wuu pa tala, musadabwe n'kuganiza kuti ndi beringi. Koma ngati pena pafika pa timizere tosonyeza kutha tija, lichotseni, lisakhale ngakhale la sipeya. Ku alayimenti mupite matayala atasinthidwa kale malo, mpweya uli wofanana monga zalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala, ndipo akupatseni pepala la miyezo isanakonzedwe ndi itakonzedwa.

Kondwani NZE: aPhiri, ndasuzumira kumbuyo kwa Axio, sipuling'i yavala shoko. Ndibwera nazo zonse zinayi Loweruka m'mawa.

aPhiri a ku Biwi: Bwera nazo, koma uzilembe ndi choko kuti iyi ya kumanja, iyi ya kumanzere. Usiku wa Lachisanu uthire mafuta omasulira dzimbiri pa mabawuti a kunsi kuti agone akulowa.